Kalilole wa M'nyumba ya Keziya

1

Kalilole uja ndinapachika ndine. Zimenezo sindinakanepo. Mukafunsa amayi a ku Kaporo za Keziya, mkazi woyamba wa Hudson Mwakibinga, amene anachotsedwa pa banja n'kulandidwa mwana, adzapukusa mitu n'kukuuzani kuti, "Koma a Chrissie aja musawaimbe mlandu. Anali mlendo, sanadziwe."

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndakhala ndikufunda chifundo chimenechi ngati bulangete la eni. Lero landitentha. Ndiyamba ndi nkhani imene aliyense amaidziwa, inayo ndikuuzani nthawi yake ikakwana.

Ndine Chrissie, kwathu ndi ku Ntcheu. Ntchito yanga ndi yokonza m'nyumba. Osati kusesa ayi, musandinyoze. Ine ndimalowa m'nyumba ya munthu kapena m'sitolo mwake n'kumuuza pamene mpando uyenera kukhala, penti yoyenera khoma lake, kutalika kwa makatani, ndi njira yoti mphepo ndi kuwala zilowere. Ndinaphunzira ku Limbe, m'sitolo ya mipando ndi makatani, pansi pa mmisiri wina wokalamba, a Stephano.

"Mwana wanga," ankatero mkuluyo, "tsiku loyamba usalowe m'nyumba ya munthu ndi tepi yoyezera. Lowa ndi maso. Ona amene amakhala pati, amene amadutsa pati, ndi amene safuna kuonedwa. Kugula mpando n'kosavuta. Chovuta n'kudziwa kumene mpandowo uziyang'ana."

Mu 1971 boma linanditumiza ku Karonga ngati mlangizi wa amayi pa za m'nyumba. Ndinatsika sitima ndi sutikesi imodzi, makina osokera a pamanja ndi tepi yanga yachikasu.

2

Hudson anali ndi tiyirumu pafupi ndi msika wa pa boma. Tiyi wake anali wabwino, masikono ofewa, koma anthu ankapita kwa mnzake wa tsidya lina la msewu. Tsiku lina ndinalowamo, ndipo ndisanamalize kapu ndinali nditatopa nawo kale malowo.

"Bambo, muno mumagulitsa tiyi kapena mumalanga anthu?" ndinafunsa.

Anaseka. "Mama, ndalakwa chiyani?"

"Zenera mwalitseka ndi kabati. Khoma mwapaka penti yakuda ngati m'chitolokosi. Benchi yayang'ana kukhoma, ndiye munthu azimwa tiyi akuwerenga mphemvu? Wolowa akuwombana ndi wotuluka, onsewo pafupi ndi ketulo yowira. Mukufuna mupsereze mwana wa eni?"

"Pakamwa muli napo," anatero. "Nanga manja muli nawo?"

Anandipatsa masabata awiri. Kabati ndinaichotsa pa zenera. Makoma tinapaka laimu. Pansi pa malata ndinakhomeretsa mphasa kuti kutentha kwa Karonga, kuja kumakuwotcha ngakhale uli pamthunzi, kusatsikire pa mitu ya anthu. Matebulo ndinawaika m'mbali mwa mazenera kuti munthu azimwa tiyi akuona amene akutsika basi. Pakona ndinaika chotchinga cha nsungwi, chifukwa ndinali nditaona kuti amayi ogulitsa mpunga amaima pakhomo n'kubwerera, manyazi kudya pamaso pa amuna. Chithunzi cha mtsogoleri ndinachikweza pamwamba pa zonse monga linalili lamulo, kuti a chipani asapeze chonena.

Mwezi usanathe munalibe pokhala. Anamwino, makalaliki, apolisi, ndi amayi a mpunga aja kuseri kwa nsungwi zawo, onse anali momwemo.

"Zoonadi mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa," anatero Hudson, akuyang'ana chipinda chodzaza.

Mbiri inawanda. Ndinakonza golosale ziwiri, nyumba ya ahedi a pasukulu ina, ndi nyumba yogona alendo. Hudson ndinkamuona kawirikawiri masiku amenewo. Anthu akafunsa ndinkati n'zantchito.

3

Chaka chotsatira Hudson anakwatira Keziya, mtsikana wa kwawo komweko amene anamusankhira bambo ake, a Ambokile. Anali akumanga nyumba ya njerwa ndi malata ku Kaporo, chapatali pang'ono ndi nthochi za bambo akewo. Itatha mu 1973, anandiitana kuti ndikaikonze m'kati.

Keziya anandilandira atagwada. "Mwaghona, a Chrissie," anandilonjera m'Chinkhonde, kenaka anasintha. "Pepani, Chichewa changa n'cha Sitandade faifi. Mukaseka sekerani kumbali."

Anali wamfupi, woseka msanga, ndipo anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Masana aliwonse ankandiphikira mbalagha, nthochi zophika ndi nyama, n'kuima pambali kudikira ndinene kuti zakoma. Ndikamasoka ankandigwirira nsalu. Ndikakwera pa tebulo kukhoma misomali ankafuula, "Mugwa inu! Mukagwa ndikauza chiyani boma?"

Nyumbayo inali chonchi. Ukalowa pa khomo la kutsogolo umafikira pabalaza. Kuchokera pabalaza panali khomo lopanda chitseko lolowera m'kanjira ka m'kati. Kanjirako kanali ndi zipinda uku ndi uku, ndipo kumapeto kwake kunali chitseko cha kuseri, chotulukira kukhitchini ndi kubafa. Pa khomo lopanda chitseko lija ndinapachika katani yamaluwa ofiira. Mpando waukulu wa mlendo wolemekezeka ndinauika pambali pa katani yomweyo, utafulatira kanjira. Pa khoma loyang'anana nawo ndinapachika kalilole wamkulu, mphatso yanga kwa banjali. Ndinauza Hudson kuti kaliloleyo azibweza kuwala kwa zenera, pabalaza paziwala.

Kuti mumve zimene zinachitika, muyenera kudziwa mwambo umodzi. Kwathu ku Ntcheu apongozi timawalemekeza, timawapatukira panjira. Koma m'banja la a Mwakibinga nkhani inali ina. Mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wako, saonana nkhope ndi apongozi ake aamuna mpaka imfa. Satchula dzina lawo. Akawaona akubwera panjira amathawira m'nthochi n'kufunda nsalu kumutu. Masiku ano ena ayamba kufewetsa, koma a Ambokile anali munthu wakale, ndipo chikhulupiriro chawo chinali chakuti maso a awiriwa akakumana, tsoka lalowa pakhomo.

4

Tinatsegulira nyumbayo Lamulungu masana, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Kunabwera akulu a mpingo, atcheyamani a chipani a m'deralo, ndi abale. Amayi anali kuseri kukhitchini pamodzi ndi Keziya. Ine ndinaitanidwa pabalaza kuti alendo aone mwini luso.

A Ambokile analowa ndi ndodo yawo, atavala jekete m'kutentha konse kuja. Anali wamtali, wowongoka, munthu woti akalowa ana amasiya kutafuna. Hudson anawakhazika pa mpando waukulu uja. Anayang'ana makatani, anayang'ana denga, anasisita mkono wa mpando.

"Ndagha, mama," anandithokoza. "Mwana wanga mwamusandutsa munthu."

Tinapemphera. Tiyi anabwera. Atcheyamani anayamba kufotokoza za chitukuko, ndipo inu mukudziwa kuti atcheyamani akayamba samaliza msanga. Ali mkati molankhula ndinamva chitseko cha kuseri chikutseguka.

Kapu ya a Ambokile inagwa pa simenti, phwa! Mkuluyo anafuula mawu amodzi a Chinkhonde, anavula chipewa n'kuphimba nacho nkhope. M'kanjira muja munamveka kukuwa kwa mkazi, kenaka mapazi othawa.

Keziya anali atachokera kubafa, chitenje chokha chomanga pachifuwa, mapewa pamtunda, mimba patsogolo. Ankafuna adutse mwakachetechete kupita kuchipinda kukavala. Atatsegula chitseko, dzuwa lonse la kuseri linamuwalira. Katani ija inali yosafika bwino mbali imodzi, panali kampata. Kudzera pa kampatako iye anaona nkhope ya apongozi ake m'kalilole, iwonso anamuona yense, maso ndi maso.

A Ambokile anaimirira chipewa chili kumaso, anapapasa khomo, anatuluka osatsanzika. Ndodo yawo inatsala pansi, ndipo palibe anali ndi mtima woitola.

5

Ikanakhala nkhani ya manyazi okha, mwina ikanatha ndi ng'ombe imodzi yopepesera. Koma a Ambokile anasiya kudya bwino. Patapita masabata atatu anagwa m'khola la ng'ombe zawo, kamwa itapotoka, mkono ndi mwendo wa kumanja zitafa. Kuchipatala anati ndi kuthamanga kwa magazi. Kumudzi palibe anafunsa za kuchipatala.

Abale anakhala bwalo pansi pa mtengo wa mango, ndipo anandiitana. Keziya sakanatha kukhala pamaso pa abale aamuna a apongozi ake, choncho anamukhazika kuseri kwa khitchini. Azakhali a Hudson, a Bertha, ndiwo ankayenda pakati kunyamula mawu.

Mkulu wina anandifunsa mwaulemu, "Mama, inu ndinu mlendo, komanso ndinu wa boma, sitikufuna kukuvutitsani. Funso ndi limodzi. Alipo anakuuzani za mwambo wathu musanapachike chinthu chija?"

"Palibe anandiuza," ndinayankha.

Anatembenukira kwa Hudson. Iye anayang'ana pansi. "Ine sindinawauze. Ndinkayesa amayi akambirana."

A Bertha anapita kuseri kwa khitchini. Anakhalitsa. Pobwera anali atakwiya.

"Wati chiyani?" anafunsa mkulu uja.

"Wangoti, 'A Chrissie akudziwa okha.' Ndamufunsa katatu, yankho lomwelo. Mwano basi."

Mlandu unagwera Keziya. Anakhala ndi mlendo masabata atatu osamuuza mwambo. Analowa m'nyumba muli apongozi ake, osavala. Ndipo lero akuyankha akuluakulu mwamwano. Anabereka mwana wamkazi mu Disembala, anamutcha Emma. Mu Febuluwale a Ambokile anamwalira. Pa maliro amayi ankalira akutchula dzina la Keziya m'nyimbo, ine ndili pomwepo ndikumva. Anamusunga mpaka mwana atasiya kuyamwa, kenaka anamuperekeza kwawo. Emma anatsala, poti ng'ombe zinali zitaperekedwa ndipo mwana ndi wa kuchimuna.

Pamenepa ndi pamene ndakhala ndikumalizira nkhaniyi zaka zonsezi. Anthu amati, "Pepani a Chrissie, zimachitika." Ine n'kupukuta maso.

6

Tsopano mverani zimene ndinalumpha.

Ine ndi Hudson sizinali zantchito. Kuyambira masiku a tiyirumu aja tinali pa chibwenzi, ndipo ndinamukonda mopusa, kukonda kosamva za anthu. Pulani ya nyumba ya ku Kaporo ija ndinajambula ndine, pa pepala la m'kope, tili awiri. Ndine ndinasankha pamene pakhale mazenera. Ndine ndinati kanjira kawongoke mpaka kuseri kuti mphepo izidutsa. "Jambula mmene ukufunira," ankatero iye, "poti nyumbayi ndi yako."

Za ukwati wake ndinamva kwa mayi wogulitsa mpunga, kuseri kwa nsungwi zomwe ndinaika ndekha. Nditamufunsa Hudson anati, "Chrissie, bambo sangalole mkazi wa kumwera. Ndikanatani?" Ndiye patapita chaka, munthu yemweyo, wopanda manyazi, akubwera kudzati ndikakonzere mkazi wake nyumba yanga. Abale inu, mwamuna ndi chinthu china! Ndikanakana. Ndinavomera chifukwa ndinkafuna ndimuone amene anandiposayo.

Ndipo Keziya anandiuza. Tsiku lachitatu lenilenilo ananditengera m'nthochi, anandikhazika pa chitsa, n'kundifotokozera mwambo wonse, mutu mpaka mchira.

"A Chrissie, ndili ndi mantha," anatero. "Nyumba zathu zakale mkamwana amadziwa pobisala. Iyi ya chizungu, khitchini kunja, zovala m'kati, bafa kuseri. Eni mudzi, apongozi angawa, akabwera ndizidutsa pati? Inu ndinu odziwa. Ndikonzereni kuti asadzandione."

"Musadandaule," ndinamuyankha. "Imeneyo ndiye ntchito yanga."

Mpando ndinaufulatitsa kanjira, iye anawomba m'manja. Ndinamuuza kuti, "Ngakhale akhale pamenepa tsiku lonse, inu muzidutsa kuseriku mmene mukufunira. Ndayeza." Koma posoka katani ndinachepetsa m'lifupi ndi chikhatho chimodzi. Loweruka, tsiku loti mawa tikutsegulira nyumba, ndinabweretsa kalilole. Ndinakhala pa mpando waukulu uja, ndinaika mapilo awiri pansi panga kuti ndifike msinkhu wa a Ambokile, ndipo ndinapendeketsa mutu uku ndi uku mpaka nditapeza pamene msomali uyenera kulowa. Kukhala pa mpando wina uliwonse, m'kalilole umangoona khoma ndi kalendala. Kukhala pa mpando umenewo wokha, umaona kanjira konse mpaka chitseko cha kuseri.

Ndipo Lamulungu lija, alendo asanakhale, ndinadzera kukhitchini. "Keziya, mwanunkha utsi," ndinamunong'oneza. "Akayamba zolankhula kasambeni, mukavale diresi ija ndakusokerani. Amayi a mpingo akuoneni kuti ndinu mwini nyumba."

Ndinkafuna chiyani? Manyazi pang'ono. Mkangano. Ndinkafuna mkulu uja aone kuti mtsikana wa kwawo amene anamusankhayo nayenso amalakwa. Imfa sindinaiganizire, Mulungu ndi mboni. Koma pa bwalo paja, munthu atagona kamwa itapotoka, ndinali ndi mpata wonena zoona, ndipo ndinati palibe anandiuza.

Keziya atapita ndinadikira Hudson, wopusa ine. Anabwera kamodzi, m'mawa, anaima pakhomo osalowa.

"Kalilole uja ndaswa," anatero. "Chrissie, ndinakuona ukugwira ntchito miyezi yambiri. Iwe sulakwitsa muyezo."

"Nanga bwanji sunanene pa bwalo?"

"Akanafunsa chifukwa chake. Ndikanayankha chiyani?"

Anatembenuka n'kupita. Chaka chomwecho anakwatira mtsikana wina, Hilda, ndipo ine sanandilankhulenso.

7

Sindinachoke ku Karonga. Ntchito ya boma ndinasiya, ndinatsegula kashopu ka makatani ndi mapilo, ndipo ntchito sinasowepo. Sindinakwatiwe. Amuna ankabwera, koma ndinkaopa kugona pafupi ndi munthu, mwina n'kubwebweta kutulo.

Kumayambiriro kwa chaka chino ndinapita ku Ngara kukayeza mazenera a nyumba ya mphunzitsi wina. Podikira galimoto yobwerera, ndinaona mayi wowonda akutembenuza usipa wa eni pa thandala, akutsokomola chifuwa choipa. Ndisanamuzindikire, iye anali atandizindikira kale.

"Mwaghona, a Chrissie. Tepi ija ikadalipo?"

Ndinakhala pansi pa mchenga wotentha, diresi yanga yabwino, osasamala.

"Keziya, ndili ndi mawu," ndinayamba.

"Asungeni. Ndimawadziwa." Sanasiye kutembenuza usipa. "Loweruka lija ndinakuonani pa zenera, mutakhala pa mpando wa eni mudzi, mapilo pansi, mukupendeketsa mutu. Ndinapita kukhitchini ndikuthokoza Mulungu. Ndinati, taonani mayi uyu mmene akundisamalira, mpaka kukhala pa mpando kuti atsimikize."

"Bwanji simunanene pa bwalo?"

"Ndinanena. Ndinati mukudziwa nokha. Ndikanati mukunama, akanamvera ndani? Inu wa boma, wa nsapato, kapena ine wa kuseri kwa khitchini?" Anatsokomola nthawi yaitali. "Komanso ndinkadikira. Ndinkati munthu amene ndinamuphikira masabata atatu aimirira pompano. Ndinamva a Bertha akundifunsa kachitatu, ndinati tsopano aimirira."

Ndinalira, anthu akuyang'ana. Ndinati andikhululukire. Ndinati ndimutengere kuchipatala, azikakhala kwanga.

"Kukhululuka ndilibe nako mphamvu," anatero. "Kunyumba kwanu sindingagone. Koma ngati mukufuna kuchita kanthu, n'kamodzi. Emma sabwera kudzandiona. Anamuuza kuti mayi ake anali wopanda mwambo, anapha agogo ake. Ndinapitako kawiri ali kusukulu, anandithawa. Ndamva akukwatiwa. Pitani mukamuuze ndi pakamwa panu. Ine masiku anga ndi ochepa, ndikufuna adzandione kamodzi akudziwa kuti ndine ndani."

"Ndipita," ndinalonjeza. "Sabata yomwe ino."

8

Sabata inatha, inanso inatha. Tsiku lililonse ndinkati mawa. Kenaka Emma anabwera yekha ku shopu kwanga, wamfupi, woseka msanga, mayi ake enieni.

"Ndinu a Chrissie? Aliyense akuti nyumba yokonza inu imaoneka yaikulu ngakhale ili ya zipinda ziwiri. Ndikukwatiwa mwezi wamawa ndi kalaliki wa pa boma pano. Mungadzandithandize?"

Ndinati Mulungu wandibweretsera pakhomo, lero sindithawa. Tinapita kukanyumbako. Ndinayeza mazenera, ndinamuonetsa pamene bedi likhale kuti dzuwa la masana lisamawombe, ndinamuuza achotse kabati pakhomo. Ankandigwirira nsalu mmene ankagwirira mayi ake. Ndinakwera pa mpando kuyesa katani, mapini ali kukamwa.

"Chinthu chimodzi chokha, mama," anatero. "Kalilole pabalaza ayi. Mwina mukukumbuka, ndine mwana wa a Mwakibinga."

Ndinagwedeza mutu.

"Musadandaule, inu sindikusungirani kanthu. Azakhali anandiuza zonse. Inu munali mlendo. Wolakwa ndi mayi uja, amene anadziwa mwambo n'kukhala chete. Akuti ali ku Ngara, akudwala, akufuna ndipite. Ndipite kukatani? Ine mayi anga ndi a Hilda."

Ndinachotsa mapini kukamwa, imodzi imodzi. Anandiyang'ana m'mwamba muja ndi nkhope yoyera, yondikhulupirira, kudikira ndilankhule. Ndinaona shopu yanga, mpingo wanga, amayi onse amene amandipatsa moni pamsika. Ndinaona nkhope imeneyo ikusintha.

"Katani iyi yafupika," ndinatero. "Tiwonjezere nsalu."

Keziya anamwalira mu Meyi, patatsala masabata awiri kuti ukwati uchitike. Emma sanapite ku maliro. Ine ndinapita, ndinakhala kumbuyo, ndipo mayi wina amene anandizindikira anandigwira dzanja n'kunena kuti ndili ndi mtima wabwino.

9

Inu owerenga, makamaka amene mumaitana anthu ngati ine m'nyumba zanu, musaleke kutiitana. Ntchito imeneyi ndi yabwino. Ndaona sitolo yakufa ikudzuka chifukwa chosuntha kabati imodzi. Ndaona mwamuna woyendayenda akuyamba kubwera msanga kunyumba chifukwa pabalaza payamba kupita mphepo. Nyumba yokonzedwa ndi munthu wodziwa imasunga ulemu wa aliyense wokhalamo, wamkulu ali ndi pokhala, wamanyazi ali ndi podutsa. Keziya sanalakwe kundipempha. Zimene anapemphazo zinali zotheka, ndipo ndikanazichita ndi dzanja limodzi.

Koma dziwani kuti munthu amene mwamuonetsa pobisala panu ndiye amadziwanso poonekera panu. Ndipo inu anzanga a tepi ndi singano, ngati mtima wanu uli ndi kanthu ndi eni nyumba, kanani ntchitoyo. Nenani kuti mwatanganidwa. Kalumo kakuthwa kaja Hudson ankandiyamikira nako ndi komwe ndinachekera mkazi wake.

Musandilembere makalata onditonthoza kuti ndalapa. Sindinalape kanthu. Mayina onse m'nkhaniyi ndasintha, ndipo ndikudziwa bwino kuti Emma sawerenga magazini. Ndauza dziko lonse kuti ndisauze munthu mmodzi, ndipo amene ankadikira kuti ndinene ali m'manda.

Emma ndimakumana naye pamsika pafupifupi sabata iliyonse. Ali ndi pakati tsopano. Amandithamangira, amandilandira dengu, amauza anzake kuti makatani a m'nyumba mwake ndinasoka ndine ndipo salowetsa diso la munthu ngakhale pang'ono. Akunena zoona. Ndinawonjezera chikhatho chimodzi mbali iliyonse, ndipo pa zonse zimene ndinalanda mayi ake, ndi chokhacho chimene ndinabweza.